Kuchoka pa Canon 600D: 6D, 5D Mark III, Nikon D750 kapena R6?

Canon 600D yanga ndinaigula kwa munthu, yogwirapo kale ntchito, ili ndi kalenzi kake ka 18-55mm. Yandidyetsa zaka ndithu: maukwati, zinkhoswe, maphwando a ana omaliza sukulu, ngakhale zithunzi za pa chiphaso. Sindingainyoze. Koma Loweruka lina inandichititsa manyazi. Magetsi anathima perekani-perekani ali mkati, jenereta ya m'holomo inangokwanitsa zokuzira mawu ndi mababu awiri, ndipo fulashi yanga inali itatha mabatire. Ndinakweza ISO, nambala imene imawalitsa chithunzi mumdima koma ikakwera imabweretsa mchenga, kufika pa 6400 n'kumangojambula. Nditafika kunyumba n'kutsegula zithunzizo pa laputopu, nkhope ya mkwatibwi inali ngati munthu waiwaza mchenga, suti ya mkwati yasanduka yofiirira yamawangamawanga. Mayi a mkwatibwi sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Achimwene, mwana wangayu akudwala kapena?" Bola akanandikalipira.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikubwereka makamera a anzanga, wina Lamlungu masana, wina pakati pa sabata ntchito ikachepa, kuti ndione ndi maso anga ngati kusintha kamera kungasinthedi chithunzi. Ndayesa Canon 6D, Canon 5D Mark III, Nikon D750 ndi Canon R6. Pa ma Canon onse ndinkaika lenzi imodzi yomweyo, 50mm f/1.8 STM, ndipo pa R6 ndinkadzera pa adaputala, kachipangizo kolumikizira malenzi akale a Canon ku kamerayi. Pa Nikon ndinkaika 50mm f/1.8G ya mwiniwake. Zonse ndinkajambula mu RAW, kutanthauza chithunzi chosaphika monga mmene kamera yachitolera, chifukwa JPEG ya kamera iliyonse imakhala yaphikidwa kale ndi kamerayo, ndipo ukamayerekeza zophikaphika umangoyerekeza ophika.

Ndiyambe ndi mamegapikiselo, mamiliyoni a madontho opanga chithunzi, poti ndi amene ogulitsa amayambira. 600D, yomwe inatuluka mu 2011, ili ndi 18. 6D ya 2012 ili ndi 20.2, 5D Mark III ya chaka chomwecho ili ndi 22.3, D750 ya 2014 ili ndi 24.3, ndipo R6, ngakhale ndi ya 2020, ili ndi 20.1 basi. Mukawerenga m'litali mwa chithunzi, 600D imapereka madontho 5184, pamene 6D ndi R6 zimapereka 5472. Kusiyana kwake n'kochepa moti simungakuone. Komanso taganizirani kumene zithunzi zathu zimathera. Kachithunzi ka mu alubamu ka mainchesi 6 kwa 4 kamafuna mamegapikiselo awiri ndi pang'ono. Cha A4 choika mu fulemu chimafuna osakwana 9. Cha A3 chopachika pabalaza chimafuna pafupifupi 17 ndi theka, ndipo 600D imakwanitsabe. Zotsalazo zimapita pa WhatsApp ndi pa Facebook, kumene zimafinyidwa mpaka kamera yodula ndi yotchipa kufanana ngati mapasa. Choncho amene akufuna kusintha kamera chifukwa cha mamegapikiselo okha, ndalama yakeyo akagulire fetereza.

Palinso msampha wina umene ndinagweramo poyamba. Ndinkatsegula zithunzi ziwiri pa 100% n'kumasuzumira. Pamenepo kamera ya madontho ambiri imaoneka yamchenga kuposa inzake, chifukwa mwaikulitsa kwambiri. Kuyerekeza koona n'kuika zonse pa msinkhu umodzi, msinkhu umene kasitomala adzaone. Ine ndinafika potsukitsa zingapo pa A4 n'kuziyala pa tebulo, popanda kulemba kuti ichi n'cha kamera iti.

Malo oyamba amene makamerawa anasiyana kwenikweni ndi panja pa tchalitchi masana. Mukudziwa mmene zimakhalira: ukwati watuluka cha m'ma 11 koloko, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, diresi loyera mbee, suti yakuda bii, nkhope zathu zakudazi zili pamthunzi wa velo kapena wa chipewa. Mukatchera kuti nkhope ioneke, diresi limapsa, maluwa ake onse osokedwa aja kufafanizika n'kungotsala chigamba choyera. Chopsa sichibwerera, ngakhale mukhale pa Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, usiku wonse. Ndiye nzeru yake ndi kutchera kuti diresi lisapse, kenako nkhope ndi suti mudzaziwalitse pa kompyuta. Funso n'lakuti mthunziwo ukawalitsidwa mumatuluka chiyani.

Apa D750 inandidabwitsa. Ndinajambula dala chithunzi chakuda kwambiri pa ISO 100, choti poyang'ana pa sikirini ya kamera munthu ungati chawonongeka. Nditachiwalitsa masitopu anayi (sitopu imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri), nsalu ya suti inatuluka ndi ulusi wake, khungu lili losalala, mtundu wake osasintha. Nditachita zomwezo ndi 5D Mark III, mumdimamo munatuluka timizere toimirira ndi timadontho tofiira ndi tobiriwira, ngati chitenje chakale chosuluka. Masitopu awiri imapirira, atatu yayamba kudandaula. 6D inachitako bwino pang'ono kuposa mkulu wakeyo, timizere sitinkaoneka kwambiri, koma nayo siifika pamene pali Nikon. 600D ndiye musanene. Si nkhani ya mwayi ayi: masensa (sensa ndi kachipangizo kotolera kuwala m'kamera) a Canon a zaka zimenezo ankatumiza uthenga kunja kwa sensa kuti ukasandutsidwe manambala, ndipo m'njiramo unkatola zinyalala, pamene sensa ya mu D750 imachitira ntchitoyo pa sensa pomwepo. Canon anadzakonza zimenezi pa 80D ndi 5D Mark IV mu 2016, ndipo R6 ili m'gulu la zokonzedwazo. Pa tebulo langa lija, chithunzi cha R6 ndi cha D750 sindinathe kusiyanitsa kuti chawalitsidwa bwino n'chiti.

Ndichenjeze pano amene akuyang'ana 6D Mark II ya 2017 kapena RP ya 2019 poganiza kuti poti ndi zatsopano ndiye kuti zapambana pa mbali imeneyi. Sensa ya makamera awiriwa, ya mamegapikiselo 26.2, ndi yamapangidwe akale aja. Mthunzi wake suwalitsika kuposa wa 6D yoyamba. Zili ndi zabwino zina, monga sikirini yotembenuka, koma vuto la diresi ndi suti silitha.

Kadzuwa komweko kanaulula kanthu kena kakang'ono. 6D ndi D750 shata yake, kachitseko kolowetsa kuwala, liwiro lake limalekera pa 1/4000 ya sekondi, pamene 5D Mark III ndi R6 zimafika 1/8000. Ngati mumakonda kutsegula lenzi pa f/2 (nambala ya f ikachepa, lenzi imatseguka kwambiri) masana kuti kumbuyo kusungunuke, dzuwa lathuli pa ISO 100 limafuna liwiro la cha m'ma 1/6400. Pa 6D ndi D750 mudzayenera kutseka lenzi pang'ono kapena kuvalika fyuluta yochepetsa kuwala. Si chifukwa chokanira kamera, koma ndi bwino kudziwiratu.

Tsopano m'holo, kumene kunayambira nkhani yonseyi. Sensa ya 600D ndi ya mamilimita 22.3 kwa 14.9. Ya enawa ndi 36 kwa 24, kapena pafupifupi pamenepo, kutanthauza kuti malo otolera kuwala ndi aakulu kuposa kawiri ndi theka. Zili ngati kutchera madzi a mvula ndi beseni m'malo mwa mbale. Zotsatira zake zimaoneka. Mchenga umene 600D imaonetsa pa ISO 1600, 6D imadzauonetsa cha m'ma 6400, ndiponso wa 6D ndi wosalala, wopanda mawanga amitundumitundu. Pakati pa 6D ndi 5D Mark III, yotchipayo ndi imene inatulutsa chithunzi choyera pang'ono mumdima, zomwe mwini 5D uja sanafune kumva. D750 ili pomwepo ndi 6D, kusiyana kwake n'kokanganirana pa bawo basi. R6 ndiyo ili patsogolo: pa ISO 12800 inandipatsa chithunzi choti ndikhoza kupereka kwa kasitomala osachita manyazi, makamaka chifukwa mtundu wa khungu sunathawe. Komabe ndinene zoona, kudumpha kwakukulu kuli pakati pa 600D ndi 6D. Kuchoka pa 6D kufika pa R6 ndi sitopu imodzi, mwinanso yosakwana.

Kenako ndinachita chinthu chimene ndikanayenera kuyamba nacho. Ndinachotsa 50mm ija pa kamera yobwereka n'kuiika pa 600D yanga. Kalenzi ka 18-55mm kakafika pa 55mm kamatseguka kulekera pa f/5.6. Kuchoka pa f/5.6 kufika pa f/2 kuwala kumachuluka kasanu ndi katatu. Ndiye kuti usiku uja wa jenereta, pamene ndinkavutika pa ISO 6400, ndikanakhala ndi lenzi imeneyi ndikanajambula pa ISO 800, pamene 600D imajambula bwinobwino. Ndinakhala kaye chete. Lenzi imeneyi mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa kamera iliyonse mwa zinayi zija. Chithunzi cha 600D yovala 50mm chinaposa chimene 6D ingatulutse itavala lenzi yotsekeka ya f/5.6. Pali vuto lake, inde: pa sensa yaing'ono 50mm imaona mopanikiza ngati 80mm, moti m'holo yothinana mumabwerera m'mbuyo mpaka kugunda tebulo la keke. Komabe mayi aja sakanafunsa za matenda.

Chimene lenzi singakonze ndi fokasi, ndipo apa mpamene maganizo anga anatembenukira. Tikamakamba za ubwino wa chithunzi timathamangira ku mchenga ndi mithunzi, koma ndikabwerera m'mafoda anga akale, zithunzi zambiri zimene ndinataya sindinazitaye chifukwa cha mchenga. Ndinazitaya chifukwa kamera inagwira duwa la pachifuwa m'malo mwa diso, kapena inagwira khoma, operekeza ukwati akubwera chovina. Chithunzi chamchenga kasitomala amalandira. Cha chimbuuzi salandira.

600D ili ndi timadontho ta fokasi 9, ndipo kodalirika ndi kapakati kokha. 6D ili ndi 11, ndipo nkhani yake ndi yomweyo: kapakati n'kamphamvu zedi, kamagwira ngakhale mumdima woti iwe mwini sukuona bwino, koma tam'mbali timasakasaka. Munthu woima chilili, 6D ilibe vuto. Ana ovina akulowa m'holo, mumagwira ena, ena kukupulumukani. 5D Mark III ili ndi 61, ndipo apa mpamene ndalama yake inapita. Imatsatira munthu woyenda molimba mtima, imajambula zithunzi 6 pa sekondi pamene 6D imajambula zinayi ndi theka. D750 ili ndi 51, imagwira bwino mumdima, ngakhale timadontho take tinaunjikana chapakati. R6 ndiye ndi nyama ina. Imapeza diso la munthu yokha n'kulikakamira, ayende, atembenuke, avine. Ndinaiyesa pa mwana wa mchemwali wanga akuthamangitsa nkhuku pabwalo, lenzi ili pa f/2, ndipo zithunzi zimene zinaphonya zinali zowerengeka. Pa 6D, masewera omwewo, zowerengeka zinali zimene zinagwira. Nthawi zina m'holo yamdima, munthu wakhungu lakuda kwambiri ataima kutsogolo kwa nsalu yakuda, R6 nayo inkataya diso n'kugwira mutu wonse, koma inkabwereranso msanga.

R6 ilinso ndi sensa yodzigwira yokha kuti dzanja likanjenjemera chithunzi chisagwedezeke. Pojambula keke, mphete kapena holo yokongoletsedwa anthu asanalowe, zimathandiza kwambiri, mumatsitsa ISO n'kujambula pang'onopang'ono. Koma munthu wovina sizimuimitsa. Ameneyo amafuna 1/250 basi, kamera ikhale ya chaka chiti.

Pali china chimene sindinkachidziwa dzina ngakhale chinkandizunza. M'maholo a mababu aatali aja, ndi a LED ena otchipa, mumajambula zithunzi zitatu motsatizana, china chimatuluka bwino, china chachikasu, china theka lakuda. Ndinkayesa kamera yanga yayamba misala. Chifukwa chake n'chakuti magetsi athu ndi a 50Hz, ndiye mababu oterewa amaphethira ka 100 pa sekondi, ndipo shata ikathamanga imagwira pakati pa kuphethirako. R6 ili ndi njira yodikira kuti babu liwale kaye isanajambule, monganso 5D Mark IV ndi 6D Mark II. 6D yoyamba ndi 5D Mark III zilibe. Pa zimenezi mankhwala ake ndi kutsitsa shata kufika 1/100 kapena kudalira fulashi.

Za mtundu wa khungu sindikhalitsapo, chifukwa ndi nkhani yosatha ngati ya Bullets ndi Wanderers. M'maso mwanga JPEG ya Canon imapatsa khungu lathu kufiirira kosangalatsa, pamene ya D750 inkapendekera kuchikasu pang'ono pansi pa mababu. Mu RAW zonsezi zimakonzeka m'kanthawi kochepa. Koma ngati ntchito yanu ndi yojambula n'kuthamangira kukatsukitsa kuti mugulitse phwando lisanathe, JPEG ndiye chuma chanu, ndipo muyese nokha pa nkhope za anthu enieni musanagule.

Wina afunsa za Sony A7 III ya 2018. Ndinangoigwira madzulo amodzi. Sensa yake ya mamegapikiselo 24.2 imawalitsa mithunzi ngati D750, imagwira diso, ili ndi malo a makhadi awiri, ndipo batire lake limakhalitsa kuposa la R6. Kwa munthu amene alibe malenzi a kampani iliyonse, ndi yoyenera kuiganizira mofatsa. Ine ndili kale ndi katundu wa Canon, ndiye ndinaibweza.

Katunduyo ndiye mbali imene mtengo wolembedwa pa kamera sukuuzani. Malenzi olembedwa EF-S, monga 18-55mm ndi 55-250mm, salowa pa 6D kapena pa 5D. Mukagula kamera zimenezi muli ndi malenzi okhawo, mwagula galimoto yopanda matayala. Pa R6 amalowa kudzera pa adaputala, koma kamera imangogwiritsa pakati pa sensa, ndipo mamegapikiselo 20 aja amatsika kufika osakwana 8, kuchepera 600D yomwe mwaithawa. Kupita ku D750 ndiye kuyambiratu: malenzi, fulashi, mabatire, zonse. Mithunzi yake ndi yokoma, koma mtengo wosamukira ndi umene unandibweza.

Mabatire nawo ndi nkhani kwa ife a magetsi othimathima. 6D imajambula zithunzi zoposa 1000 pa batire limodzi, D750 zoposa 1200, malinga ndi muyeso wa opanga. R6, mukamayang'anira pa kadiso kake, muyeso womwewo sufika 400. Pa ntchito yeniyeni imapitirira pamenepo, koma ukwati wa tsiku lonse musapite ndi mabatire osakwana atatu. Chabwino n'chakuti imalandira mabatire a LP-E6 a mu 6D ndi 5D, ngakhale akalewo amaichepetsa liwiro. Fumbi la m'chilimwe nalo limakonda makamera opanda galasi mkati monga R6, poti sensa ili pafupi ndi khomo. R6 imatseka shata mukaizimitsa, ndiye muzizimitsa musanasinthe lenzi.

Ndipo makhadi. 600D, 6D, 6D Mark II ndi RP zili ndi malo a khadi limodzi. 5D Mark III ili ndi awiri, CF ndi SD, pamene D750 ndi R6 zili ndi a SD awiri. Mnzanga wina khadi linamufera atajambula ukwati wonse, kuyambira kokonzera tsitsi mpaka kodula keke. Anabweza ndalama, koma ukwati sabwereza, ndipo mpaka lero akaona ankhoswe a banja limenelo mumsika amakhotera njira ina. Zimenezi sizioneka pa chithunzi choyerekeza, koma kwa wojambula maukwati n'zolemera kuposa sitopu imodzi ya ISO.

Popeza makamerawa kawirikawiri mudzawapeza ogwirapo kale ntchito, funsani kuti shata yawomba kangati, ndipo muonetsedwe pa kompyuta, osangomva pakamwa. Opanga anayesa ya 6D kuti ifike 100,000, ya 5D Mark III ndi D750 150,000, ya R6 300,000. Zambiri zimapitirira, koma 5D Mark III inali kamera ya anthu a ntchito, ndipo zambiri zimene zimabwera kuno zatopa kale. Jambulani khoma loyera pa f/16 kuti muone zinyalala ndi mikwingwirima ya pa sensa, ndipo lenzi muiunike ndi tochi ya foni, chifukwa chinyezi cha dzinja chimameretsa nkhungu mkati mwa galasi.

Ndiye ndingalangize bwanji? Amene ali ndi 600D, 700D kapena ina yotere ndi kalenzi kobwera nako, asagule kamera kaye. Agule 50mm f/1.8 ndi fulashi yoti mutu wake umatembenuka kuwombera kudenga, ajambule maukwati asanu, kenako aone chimene chikumusowabe. Amene ntchito yake ndi ya mu situdiyo, zithunzi za mabanja ndi za anthu oima, ndipo mdima ndiwo ukumuvuta, 6D ndiyo yopereka zambiri pa ndalama yochepa, ndipo pa chithunzi chokha siigonja kwa 5D Mark III. Amene zithunzi zake zimafera pa fokasi, kapena akufuna makhadi awiri koma thumba silifika pa R6, 5D Mark III ikadali kamera yantchito, bola azitchera kuwala molondola pojambula pomwepo, asadalire kudzawalitsa. D750 ndingaipatse munthu woyamba kumene kapena amene ali kale ku Nikon. Pa dzuwa la masana palibe mwa akalewa yoiposa. Amene ali kale ndi 6D kapena 5D Mark III ndipo akuyembekeza kuti R6 isintha maonekedwe a zithunzi zake, akhumudwa: pa A4 kasitomala saona kusiyana. Chimene chimasintha ndi kuchuluka kwa zithunzi zogwira bwino pa ukwati umodzi, ndi maola amene mumakhala pa laputopu mukusankha.

Ineyo ndinagula 50mm ija sabata yomweyo, ndipo patapita miyezi ndinatenga 6D kwa mnzanga amene ankasamukira ku R6, pamodzi ndi mabatire ake awiri. Ndimajambulira kadontho kapakati, ndipo ana ovina akamalowa ndimatseka lenzi kufika f/4 n'kuyatsa fulashi kuti ndisawaphonye. Khadi ndimasintha katatu pa tsiku, kuti likafa limodzi lisapite ndi ukwati wonse. 600D sindinaigulitse. Imakhala m'chikwama, ndipo Loweruka lapitali mphwanga ndi amene anaigwira, akujambula anthu a kuchikazi pamene ine ndinali kutsogolo ndi akwati.